Zidebe Zisanu ndi Chimodzi, Masukulu Atatu

Lachiwiri la sabata yatha ndinachita chinthu chomwe ndikuchita nacho manyazi kulemba, koma ndilemba ndithu chifukwa mathero ake anakoma. Ndinanyamula zidebe zisanu ndi chimodzi panjinga yanga, dzuwa lili paliwombo, kuchokera kusukulu ina ya kumtunda kubwera nazo kusukulu yomwe ndimaphunzitsa kuno kufupi ndi Metangula. Kunyamula zidebe si mlandu, ndikudziwa. Mlandu unali pa chifukwa chomwe ndinazinyamulira.

Ndiyambire poyambira, kuti inu amene mumandiwerenga muli tsidya lija la nyanja musasochere.

Masukulu athu akhala otseka miyezi yambiri chifukwa cha mliri wa korona. Ana anaiwala kagwiridwe ka cholembera n'kuphunzira kagwiridwe ka nkhafi. Ena a m'kalasi mwanga ndinkawapeza ku Chiwanga akutembenuza usipa pamathandala, n'kumandilonjera ngati ndabwera kudzagula. Ndiye itamveka nkhani yakuti tibwerere kuntchito, tonse tinasangalala. Koma amene anasangalala kuposa onse ndi mayi a kunyumba kwanga, chifukwa anali atatopa nane. Mwamuna wokhala pakhomo tsiku lonse amayamba kuona zinthu zosamukhudza, monga kuchuluka kwa mchere wa m'ndiwo.

Kubwererako kunali ndi malamulo ake. Pakhomo pa kalasi iliyonse pakhale posambira m'manja, madzi ndi sopo zikhalepo, mawindo azitseguka, ana azikhala motalikirana. Wa ku boma abwere kaye adzaone ndi maso ake. Akakhutira, pali pepala lomwe ayenera kusaina anthu atatu: woyendera masukuluyo, mkulu wa sukulu amene kuno timati a Diretori, ndi mphunzitsi mmodzi woimira anzake pa nkhani za chitetezo. Wachitatuyu amasankhidwa kudzera m'bungwe lathu la aphunzitsi, lomwe ife timangoti sindikatu. Popanda dzanja lake, sukulu singatsegulidwe.

Pamalo achitatuwo tinaikapo a Zainabu.

Ndikuuzeni momwe tinawasankhira. Tinakumana pansi pa mtengo wa mango wa pasukulu, aliyense mashikara, zophimba kukamwa ndi mphuno zija, ali pachibwano m'malo mwa pamphuno. Atafunsa kuti ndani angatiimire, aliyense anapeza chochititsa chidwi pa nsapato zake. Kenako wina anatchula a Zainabu, amene amaphunzitsa kalasi yachitatu, mayi wofatsa woti mungagwire naye ntchito zaka zisanu osadziwa kuti mawu ake amamveka bwanji akakwiya. Tinaomba m'manja msangamsanga iwo asanakane. Kunena zoona, tinawasankha chifukwa tinkaganiza kuti sadzavutitsa munthu. Anangofunsa funso limodzi, kuti ntchito yake ndi yotani, ife n'kuwayankha kuti ndi kusaina basi. Anapempha kapepala ka malamulo n'kupita nako kunyumba. Palibe anaganiza kuti akakawerengadi.

A Zainabu ndi mwana wa pompano. Amakhala ndi mayi awo okalamba amene amadwala shuga ndipo sayendanso, ndipo pa ana onse a mayiwo ndi iwo okha amene anatsala kuno. Nthawi yopuma ikakwana, ife tikamacheza za mpira, iwo amathamangira kunyumba kukawapatsa mankhwala n'kubwerera belu lisanalire. Miyezi yonse ya mliriyi anawasunga mayi awo ngati dzira. Tsopano tinkawauza kuti abwerere m'kalasi ya ana ambirimbiri, kenako madzulo azikagwira nkhalamba ija ndi manja omwewo.

Tibwere ku zidebe. Sukulu yathu ili pafupi ndi nyanja moti ukaima pakhomo pa kalasi umaona madzi mpaka maso kutopa, koma mpopi wa pasukulu unauma ine ndisanakwatire. Zidebe za mpopi zosambira m'manja tinalibe ngakhale chimodzi. Sukulu yoyandikana nafe inalibenso. Koma yachitatu inalandira zisanu ndi chimodzi kuchokera kwa munthu wina wakufuna kwabwino. Masukulu atatu onsewa ankayenderedwa tsiku limodzi ndi munthu mmodzi.

Mwaona kale komwe nkhani ikulowera, si choncho?

Akuluakulu a masukulu atatuwa anakambirana palamya. Woyendera ayambira kwa eni zidebe m'mawa. Akangochoka, zidebe zithamangire kusukulu yachiwiri podzera njira yachidule. Kumeneko amukonzere chakudya chamasana, kampango wowotcha bwino, kuti achedwe, zidebe zipeze mpata wofika kwathu. Galimoto imazungulira ndi msewu woipa uja, njinga imadula m'minda. Woyendera akamaliza kwathu, zibwerere kwa eni ake.

Lolemba a Diretori athu anandiitana.

"Kolega," anatero, pakuti ndi momwe aphunzitsi timatchulirana kuno, "njinga yanu ili ndi kaliyala yolimba kuposa zonse pa shikola pano."

Ndinanyadira, mundikhululukire. Munthu ukayamikiridwa ndi bwana, ngakhale ndi pa kaliyala, mtima umati myaa. Atandifotokozera ntchito yake sindinaonepo choipa. Ndinadziuza kuti n'kubwereka chabe, monga timabwerekera mipando pa ukwati. Ndinavomera ndisanamve n'komwe zonse.

Ndiye Lachiwiri ndinapalasa. Zidebe ndinazilowetsa china mkati mwa chinzake n'kuzimanga ndi mphira. Ndinadutsa m'minda ya chinangwa, ndinawoloka kamtsinje njinga ili paphewa, ndinafika thukuta lili kamukamu. Munthu woyamba kukumana naye pageti anali a Zainabu.

"Kolega, mwazipeza kuti zidebe zokongolazi?"

"Zangobwera, Mayi."

"Zabwera zokha n'kudzimanga panjinga yanu?"

Ndinaseka kaseko kopanda mano. Iwo sanaseke. Anagwira chidebe chimodzi, anachitembenuza, mkati munali mukadali chinyezi.

"Ndifunse chimodzi basi, achimwene. Zigona kuno?"

Ndinayamba kumasula mphira mosamala kwambiri, ngati ndi ntchito yofuna mutu wonse.

Ine ndi a mlonda tinatunga madzi kunyanja n'kudzaza zidebe zonse. Chimodzi, chofiira, chinali chowala kuposa zinzake, ndiye tinachiika pakhomo pa ofesi. Koma chinali ndi khalidwe loipa. Ukatsegula mpopi wake madzi sankatsika pansi, ankathamangira kumanzere ngati akuthawa. Chinandinyowetsa thalauza pamalo ochititsa manyazi, a mlonda n'kuseka mpaka kutsokomola.

Ndili pomwepo kudzipukuta, ndinamva a Diretori akuitanira a Zainabu mu ofesi. Windo linali lotsegula, ndipo makutu alibe zitseko.

"Pulofesora," anatero, pakuti kuno mphunzitsi aliyense ndi pulofesora, "lero tisachititsane manyazi. Pepala likabwera muasinari, muikepo dzanja lanu, nkhani ithe."

"Sinyoro Diretori, ana akabwera Lolemba asamba kuti?"

"Zimenezo tidzaziona Lolemba."

"Ndiye nanenso ndidzaasinari Lolemba."

Kenako a Diretori analankhula motsitsa mawu, mwaulemu ndithu, ngati akufunsa za moyo wa kunyumba.

"Mukudziwa kuti kuseri kwa Cobue kuli shikola yomwe ikulira aphunzitsi? Anandipempha dzina sabata yatha. Sindinawayankhebe."

Amene simukudziwa dera lino, kuseri kwa Cobue si kwina koti ungamapite m'mawa n'kubwera madzulo. Mvula ikagwa msewu umatha, umadalira boti, ndipo chipatala chili kutali. Nkhalamba yosayenda, yodalira mankhwala a tsiku ndi tsiku, sungapite nayo kumeneko, ndipo sungaisiye yokha kuno. A Diretori ankadziwa bwino lomwe pomwe akugwira. A Zainabu anatuluka. Anaima pakhonde n'kumangamanga mpango wawo wa kumutu.

Woyendera anafika cha m'ma thuu koloko, nthawi yomwe kuno timati katoroze ora. Anali bambo wa imvi, wochokera kumwera kwa dziko lino, wodziwa Chinyanja cha moni ndi chogulira nsomba. Tinaima pamzere, aphunzitsi khumi ndi atatu, mashikara lero ali pamphuno penipeni. A Diretori anamulozera chidebe chofiira kuti asambe.

Tsopano mvetserani. Bamboyo anafika pa chidebe, anachiyang'ana, ndipo asanagwire mpopi anasunthira kumanja n'kukokera mwendo wa thalauza kumbuyo. Atatsegula, madzi anathamangira kumanzere n'kugwera pansi, pamalo pomwe akanaima munthu wosachidziwa chidebecho.

Ine ndinaona. A Zainabu anaona. Ndipo iye anaona kuti taona.

Koma anangopitiriza ntchito yake. Anasamba, anazungulira makalasi, anawerenga zidebe, analemba m'kabuku kake. Titabwerera pakhonde anatulutsa pepala lija n'kusaina. A Diretori anasaina ndi dzanja lawo lija lokhotakhota. Kenako cholembera chinapita kwa a Zainabu. Anachilandira ndi manja awiri monga mwa ulemu, anawerenga pepala lonse kuyambira pamwamba, n'kuchiika patebulo.

"Pepani, akuluakulu. Sindiasinari. Zidebezi si zathu. Dezaseyishi ora, folo koloko yomweyi, zibwerera kwa eni ake, ndipo ana athu adzapeza pakhomo pali mbee."

A Diretori anaseka, kuseka kokweza kuposa momwe nkhaniyo inkafunira.

"Pulofesorayu watopa, Sinyoro Inspetori. Ali ndi wodwala kunyumba, mutu suli pamalo. Zidebe ndi zathu."

Woyendera uja anavula magalasi. Analankhula m'Chipwitikizi, pang'onopang'ono kuti aliyense amve. Anati iye amalemba zomwe waona ndi zomwe wauzidwa. Waona zidebe. Wauzidwa ndi munthu mmodzi kuti ndi za pano, wauzidwa ndi wina kuti si za pano, ndipo pa awiriwa mmodzi ndi mkulu wa sukulu. Ngati palibe wina wonenapo kanthu, alemba kuti woimira aphunzitsi wakana kusaina popanda chifukwa. Anafunsa kuti kodi alipo wina.

Abale anga, ndaphunzitsa zaka zambiri, ndakumanapo ndi mwera ndili m'bwato pakati pa nyanja, koma mantha ngati a tsiku limenelo sindinawamvepo. Ndinaganiza za nyumba yanga yomwe yangofika pamawindo. Ndinaganiza za dimba la mayi a kunyumba. Ndinaganiza kuti kuseri kwa Cobue kuja mwina kukufunika aphunzitsi awiri. Aphunzitsi khumi ndi awiri tinali duu, aliyense akudziwa zoona, aliyense akudikira mnzake. Ndipo pa onsewo amene ankadziwa kuposa wina aliyense ndinali ine, mphira ukadali lendelende pakaliyala.

Chomwe chinandigonjetsa ndi chakuti a Zainabu sanandiyang'ane. Akanandiyang'ana mwina ndikanakwiya, n'kudziuza kuti akufuna kundikokera m'mavuto awo. Koma anangoyang'ana kutsogolo, manja ali kumbuyo, atakonzeka kugwa okha. Manyazi anandigwira kuposa mantha.

"Ndazibweretsa ndine," ndinatero.

Mawu anatuluka aang'ono moti woyendera anatchera khutu. Ndinabwereza. Ndinati ndazitenga kusukulu komwe iye anadya kampango, ndipo ikakwana folo koloko ndiyenera kuzibweza.

Zitatero zinali ngati wina wachotsa chotsekera. A Bernabe, mphunzitsi wamkulu pa tonse, amene watsala pang'ono kupuma ntchito ndipo amavutika ndi mphumu, anati mpopi wa pasukulu unauma kalekale. Wina anati mawindo a kalasi yoyamba anakhomedwa ndi misomali chifukwa cha akuba, satseguka. Wina anatchula za chimbudzi. Anthu amene mphindi zapitazo anali osalankhula, tsopano ankalandana mawu.

Woyendera anatenga cholembera n'kudula mzere pa dzina lake. Kenako, akumwetulira kuseri kwa mashikara, anayesa Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Chidebe ichi kunyowetsa ine m'mawa. Kunyowetsa ine dezi ora, teni koloko, shikola yachiwiri. Ine kuganiza, lero palibe munthu kulankhula?"

Anati sukulu sitsegulidwa mpaka adzabwerenso, ndipo tsiku lake sanena.

Pamene ndinkabweza zidebe madzulo amenewo, ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza, ndipo zomwe ndinaganizazo ndi zomwe ndikufuna tikambirane.

Ife anthu a m'mbali mwa nyanja ino timadziwa kulandira mlendo. Kukabwera ofunsira mbeta, timabwereka mipando kwa aneba, mbale zagalasi kwa azakhali, nsalu ya patebulo kwa aphunzitsi. Aliyense amadziwa kuti ndi zobwereka, ngakhale alendowo amadziwa, chifukwa nawonso amatero kwawo. Palibe wanamizidwa, palibe wavulala. Ndi ulemu, ndipo ine sindikufuna kuti uthe.

Koma chizolowezi chimenechi tinapita nacho kuntchito osachisintha. Wa ku boma akamabwera timamutenga ngati wofunsira mbeta. Ndani wa ife sanaonepo majekete opulumutsira anthu m'madzi akudumpha kuchoka m'boti ina kupita m'boti inzake pagombe, oyendera akadali kulemba za boti yoyamba? Oyendera akapita, majekete amabwerera kwa mwini wake, boti n'kunyamuka ndi amayi obereka ana kumbuyo. Tikatero timaseka, timati tawachenjerera.

Tachenjerera ndani?

Woyendera uja sapuma mpweya wa m'kalasi yoyamba. Madzulo amakwera galimoto n'kupita kwawo. Otsala m'kalasimo ndi a Bernabe ndi chifuwa chawo, ndi ana athu omwe. Tsiku lija ndinapalasa njinga mtunda wonse uja, kutuluka thukuta, kuti ndinamize munthu yekhayo amene zotsatira zake sizikanamukhudza. Kachilomboka sikawerenga mapepala athu, ndipo sikadya kampango.

Taonaninso momwe timasankhira otiimira. Timafuna wofatsa, woti asatiyambanitse ndi abwana. Ambiri a ife sindikatu timaikumbukira pa tsiku la ogwira ntchito, pamene pali malaya ndi zipewa zogawa. Tikamusankha munthu timamusiya yekha, ngati kuti kuomba m'manja kuja ndiye inali mbali yathu yonse. Akachita ntchito yomwe tinamupatsa timayamba kunong'ona kuti ndi wovuta, akufuna kutchuka. Komatu mwamva zomwe ananena woyendera: mawu a munthu mmodzi polimbana ndi a bwana salemera kanthu. A Zainabu akanatha kukhala olimba mtima kuwirikiza kakhumi, koma popanda wachiwiri akanalembedwa kuti ndi wosokoneza.

A Diretori nawo sindikufuna kuwapachika. Si munthu woipa. Anauzidwa kuti atsegule sukulu, sanapatsidwe chidebe. Ankaopa kukhala mkulu yekhayo amene sukulu yake yatsala yotseka, n'kumafunsidwa mafunso ndi akuluakulu awo. Wopanikizidwa kuchokera kumwamba amapanikiza amene ali pansi pake, ndipo pansi pawo panali mayi amene ankaoneka wosavuta kumuthyola.

Tibwerere kunkhani, chifukwa sinathere pakhonde paja.

Lachitatu m'mawa tinamva kuchokera kwa amene amatayipa makalata mu ofesi kuti kalata yosamutsa mphunzitsi yalembedwa, dzina la a Zainabu lili momwemo, ikungodikira kupita ku boma. Tinakumananso pansi pa mango paja. Ulendo uno palibe anayang'ana nsapato. A Bernabe ndi amene anabwera ndi nzeru.

"Ngati kuseri kwa Cobue kukulira aphunzitsi, tiyeni tikawatonthoze tonse," anatero.

Tinalemba pepala limodzi la mizere iwiri, lonena kuti ife aphunzitsi a pasukulu pano tikupempha kuti a Zainabu akasamutsidwa, nafenso tisamutsidwire komweko. Tinasaina tonse khumi ndi awiri. Ine ndinasaina wachiwiri, ndipo mayi a kunyumba adziwira m'nyuzi muno kuti ndinatsala pang'ono kuwasamutsa. Pepala lina lofanana nalo tinatumiza kwa atsogoleri a sindikatu ku Metangula, ndipo iwo anaimbira a Diretori lamya tisanafike n'komwe pakhomo pa ofesi.

A Diretori anawerenga, anayendetsa chala pa mayina onse, anakanda pamutu.

"Ndiye makalasi onsewa ndiphunzitsa ndekha?"

Amene analankhula ndi a Zainabu, ndi mawu awo aja ofatsa.

"Sinyoro Diretori, sitinabwere kudzakangana. Nanenso ndikufuna shikola itsegulidwe, ana akuonongekera kunyanja. Tipatseni masiku atatu."

Apa ndi pomwe tinadziwa kuti mayiyu sanangowerenga malamulo, anali ataganizanso za njira. Lamulo silinena kuti chidebe chikhale cha m'sitolo, limati pakhale madzi oyenda ndi sopo. Achibale awo ena ndi amalonda, ali ndi zigubu za mafuta ophikira zomwe zatha ntchito. Chigubu ukachiboola, n'kuchipachika pa mtengo wopingasa, n'kumangirira chingwe ku kamtengo kopondera pansi, munthu amasamba osagwira kanthu ndi dzanja. Ena a inu mumachitcha mpondagiya.

Masiku atatu amenewo sindidzawaiwala. A Zainabu anayenda m'masitolo a achibale awo aja, zigubu zinabwera zochuluka kuposa makalasi. A Bernabe anapita kwa asodzi, anabwera ndi zingwe za maukonde akale, ndipo mwini boti wina anapereka mgolo waukulu wosungira madzi. Lachisanu nkhani inalengezedwa ku mzikiti, enanso anakaifikitsa kwa akulu a mpingo, ndipo makolo anagawana masiku otunga madzi, mudzi uno Lolemba, mudzi uwo Lachiwiri. Amayi ena anabwera ndi zidutswa za sopo zokulunga m'mapepala. Kaliyala yanga yotchuka ija inanyamula mitengo kuyambira m'mawa mpaka msana unadandaula.

A Diretori tsiku loyamba anadzitsekera mu ofesi. Tsiku lachiwiri anaima pakhonde manja ali m'thumba. Tsiku lachitatu anabwera ndi hamala ya kunyumba kwawo, anapinda malaya, n'kuyamba kuzula misomali ya m'mawindo a kalasi yoyamba okha. Palibe anawaseka, palibe anawayamikira mokweza. Tinangowapatsa malo.

Lolemba lino, seveni koloko isanakwane, galimoto ija inatulukira osachenjeza. Woyendera anayenda pakhomo pa kalasi iliyonse, anaponda kamtengo kalikonse, anasamba m'manja kasanu ndi katatu mpaka zala zinachita makwinya. Anasaina. A Diretori anasaina. Cholembera chitafika kwa a Zainabu, anati tidikire pang'ono, n'kuyamba kuzungulira okha. Pa kalasi yachisanu anapeza chigubu chikudontha pansi. Tinaima tonse padzuwa, woyendera, a Diretori ndi ife, mpaka chigubu china chinapachikidwa. Ndipo palibe ngakhale mmodzi amene anadandaula.

Atabwerera anasaina dzina lawo lonse, mosathamanga.

Woyendera anatiuzanso kuti oimira aphunzitsi a masukulu awiri aja, atamva za kwathu, anapita okha kukapempha kuti mayina awo achotsedwe pa mapepala mpaka nawonso akonze zinthu. Mmodzi wa iwo anabwera dzulo kudzaona momwe timamangira chingwe.

Galimoto itachoka, a Diretori anatiuza kuti tisabalalike. Analowa mu ofesi n'kutuluka ndi envulopu. Anaipereka kwa a Zainabu pamaso pa tonse.

"Pulofesora, kalata iyi sinapite kulikonse, ndipo sipita. Ndinalankhula zosayenera. Mukhale nayo inu."

A Zainabu anailandira, anaipinda osaitsegula n'kuiika m'chikwama. Anathokoza mwachidule. Kenako anapita kuseri kwa kalasi yawo, ndipo titaona mapewa awo akugwedezeka tinayang'ana kumbali kuti alire bwino. Ineyo ndinasangalala kuposa tsiku lina lililonse chiyambire mliriwu. Ndinasangalala kuti sakupita, ndinasangalala kuti tapambana, ndipo ndinasangalala kuti pamene tinkapambanapo ine ndinali mbali yoyenera, ngakhale ndinafikako mochedwa.

Ana anabwera tsiku lotsatira. Akuponda timitengo tija mobwerezabwereza ngati masewera, moti vuto lathu latsopano ndi kuwaletsa kusamba.

Mliriwu sunathe, ndipo sindikunena kuti zigubu zathu ndi mankhwala. Koma ambiri a inu mukubwerera kuntchito masiku ano, m'maofesi, m'nyumba zogona alendo, m'maboti, ndipo kwinakwake kuli pepala lomwe likudikira dzanja la munthu amene munamusankha nokha. Mukumukumbukira dzina? Tsiku lomwe adzaike cholembera pansi, akuluakulu n'kufunsa ngati alipo wina, mudzatenga nthawi yaitali bwanji musanatsegule pakamwa? Ine inanditengera yaitali kuposa momwe ndalembera pano.